Matope a m'Sefa ya Nsomba

Mkazi wanga anasiya nsomba zisanu ndi ziwiri m'thanki lagalasi lomwe linkakhala pafupi ndi zenera, m'nyumba yathu ya zipinda ziwiri ku Mtendere. Zinali zija zofiirira, zamichira yaitali. Iye ndiye ankazisamala, ine yanga inali kunyamula zidebe. Kuseri kwa thankilo kunapachikidwa kabokosi kapulasitiki komwe tinkati sefa. Pampu inkakokera madzi m'menemo, madziwo n'kudutsa m'siponji ndi m'timiyala, kenaka n'kubwerera kwa nsomba. M'katimo munali matope oterera, onunkha ngati dambo. Mkazi wanga ankagwira ntchito m'labu ya pachipatala, munthu wosamba m'manja kambirimbiri patsiku, koma matope amenewo sankalola kuti wina awachotse. Ankati mmenemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timadya zoipa zotuluka mwa nsomba, ndipo tikafa madzi amasanduka poizoni ngakhale akuoneka oyera.

Titaika maliro ake, azimayi akwawo anachita za mwambo. Anatulutsa katundu panja, anachapa zofunda ndi makatani, anakolopa, anatsuka chilichonse chomwe malemu ankakhudza. Ine ndinali kuseri kwa nyumba ndi amalume ake, kumvetsera za kagawidwe ka zovala. Apongozi anga, amayi ake omubala, omwe anabwera kuchokera ku Katete, ataona m'kati mwa sefa ija anachita manyazi m'malo mwa mwana wawo. Anaitsuka ndi sopo ndi madzi otentha. Timiyala anakataya kudzala, siponji anaiyanika padzuwa mpaka inauma gwa. Anachita zimenezo ndi mtima wabwino, ndipo sindinakayikepo.

Tsiku lachinayi nsomba imodzi inayandama chagada. Patapita masiku awiri zinafanso ziwiri. Zotsalazo zinkangokhala pamwamba, pakamwa yasa, m'madzi oyera ngati a m'botolo.

Mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga wokhala ku Chawama, anaima patsogolo pa thanki manja ali m'matumba.

"Mulamu, vinthu va muntu vimamukonka mwine wake. Visiyeni chabe vipite. Galasi iyi nizabwela kutenga, isazikukumbusani."

Anthu onse m'nyumbamo anavomera ndi mitu. Ine ndinakana chamumtima. Ndinali nditavomera zambiri sabata imeneyo: kumetedwa, kukhala pansi pamene andiuza, kuona nsapato zake zikulowa m'thumba la munthu wina. Koma zoti nsomba zikutsatira mwini wake sindikanavomera, chifukwa ndinkadziwa chomwe chikuzipha, ndipo chinali chinthu chotheka kukonza.

M'mawa mwake ndinakwera basi kupita ku Kamwala, kusitolo ina yomwe tinapitako kamodzi ndi mkazi wanga. Mwini wake, bambo wadazi wolankhula mothamanga, anandiyalira zinthu patebulo: timipira tapulasitiki takuda, siponji zatsopano, makala a m'paketi, ndi timphete tadothi lowotcha, toyera, tokhala ndi tizibowo tambirimbiri.

"Bosi, tengani tumipila. Ni vamene bonse bagula. Sivivunda, sivisila."

Ndinatenga kamodzi n'kukazunguza m'manja. Kanali kosalala, kopepuka. Kwathu magetsi amapita maola ambiri usana, pampu n'kuima. Kampira kotere kakauma, chilichonse chokhala pa iko chimafa. Ndinakabweza, iye n'kuloza makala aja.

"Nanga malasha aya? Manzi yamawala monga daimondi."

"Madzi ndi oyera kale. Nsomba zikufera m'madzi oyera."

Anandiyang'ana kachiwiri, n'kusiya kuthamanga. Anati makala amachotsa fungo ndi mtundu basi, si nyumba ya tizilombo. Siponji ndi yabwino koma imatsekeka msanga, ndipo munthu amakopeka kuifinya kwambiri. Timphete tadothi timasunga chinyezi m'tizibowo take ngakhale pampu itaima, kungoti madzi athu a laimu, aja osiya zoyera m'ketulo, amatitseka pakapita nthawi. Ndinasankha timpheteto, ndi siponji imodzi yoika patsogolo kuti izigwira zinyalala zikuluzikulu.

Akukulunga, ndinafunsa kuti tizilombo tidzakhazikika liti pa timphete tatsopano. Anati masabata angapo. Nsomba zanga zinalibe masabata.

Kuseri kwake kunali thanki lalikulu lodzaza nsomba, sefa yake ikulira. Ndinaloza.

"Mundipatseko za m'menemo. Zakale."

"Mufuna nikugulitseni doti? Imwe ba bosi, mwachoka ku Mtendere kubwela kugula matika mu tauni?"

"Eya."

"Ba madamu bazakupishani na mupika."

"Anamwalira. Nsombazo ndi zawo."

Anapinda malaya, anatsegula sefa yake, n'kutapa timphete todzaza manja awiri, tabulauni, toterera. Anatiika m'pulasitiki pamodzi ndi madzi a m'thankimo, namanga.

"Osasuka. Olo pang'ono. Manzi ya pa pompi yali na kolorini, yazapaya vonse. Mukafika chabe, ikani."

M'basi ndinanyamula pulasitikiyo pamiyendo. Mayi wina amene ndinakhala naye pafupi anaisuzumira, poganiza kuti ndi ndiwo, nati, "Ni ndiyo za kuti izi?" Ndinamuuza kuti ndi mankhwala, iye n'kusendera kuzenera.

Kwathu mkamwini salankhulana ndi apongozi ake maso ndi maso. Zaka zinayi za ukwati wathu, mawu anga onse opita kwa amayiwo ankadzera mwa mkazi wanga, ndipo awo ankabwera njira yomweyo. Tikakumana pakhomo ndinkapatuka, iwo n'kuyang'ana kumbali. Iye atapita, tinkangozembana m'zipinda ziwirizo, mawu n'kumatumiza kudzera mwa mng'ono wawo amene anatsala nawo, yemwe tinkangomutchula kuti azakhali.

Nditafika ndinaika pulasitiki ija m'beseni pansi, ndinatuluka kukasamba m'manja. Pobwerera ndinapeza apongozi atagwada, amasula kale pulasitikiyo, jagi ya madzi a pampopi ili m'dzanja, sopo ali pambali.

"Amayi, musatsuke."

Anali mawu oyamba amene ndinawauza mwachindunji chikwatirire mwana wawo. Azakhali, omwe ankasankha nyemba pakhomo, anasiya. Apongozi sanandiyang'ane. Analankhula kwa mng'ono wawo.

"Uwauze kuti nyumba ino tayeretsa kuti iwo akhale bwino. Tsono akubwezamo uve wa kwa eni."

"Ndamva, amayi. Ndikubwezamo."

"Uwafunse ngati akuti ndine ndapha nsombazi."

"Sindinatero."

"Koma ndi zimene akuganiza."

Ndikanatha kunama pamenepo, ndipo zikanatha bwino. Sindinaname, sindinavomerenso. Ndinagwada, ndinakoka besenilo kulichotsa patsogolo pawo, ndinatapa timphete takuda tija ndi manja n'kutiika m'sefa, tatsopano pamwamba pake, siponji kutsogolo. Madzi amatope a m'pulasitiki ndinathira momwemo. Thanki lonse linachita mbuu. Ndinayatsa pampu.

"Azakhali, muwauzenso alamu kuti galasili silichoka. Zina zonse atenge."

Apongozi anadzuka, anapukuta manja pachitenje, nalowa kuchipinda. Anakhala masiku ena atatu osadya chomwe ndagula, kenaka anabwerera ku Katete ine ndili kuntchito.

Nsomba ina inafa tsiku lotsatira. Inali itafooka kale. Zitatu zinatsala. Tsiku lililonse ndinkachotsa chidebe chimodzi cha madzi ndi kuthiramo ena omwe agona padzuwa kuti kolorini achoke. Chakudya ndinkazipatsa pang'ono kwambiri, mwina osazipatsa n'komwe. Loweruka ndi Lamlungu magetsi akapita ndinkakhala pampando ndi kapu, kutunga madzi m'thanki ndi kuthira m'sefa, kuti timphete tisaume ndipo madzi aziyendabe. Mkati mwa sabata ndinkathamangira kunyumba nthawi ya nkhomaliro kukachita zomwezo. Aneba ankandiona pazenera. Ndinamva kuti ena ankati maliro andisokoneza mutu. Sindinatseke katani.

Sabata yachitatu nsomba zinatsika pansi n'kuyamba kufukula mchenga. Nditatsegula sefa, timphete toyera tija tinali titayamba kuda.

Mlamu wanga anabweradi ndi galimoto. Anatenga kabati, makina osokera ndi mapoto. Thanki analiyang'ana, anandiyang'ana ine, nanyamula mpando.

Akuluakulu a mbali zonse ziwiri akhala akunditumizira mawu kuti ndipite ku Katete ndi nkhuku ndikapepese, chifukwa ndinalankhula ndi apongozi pamaso ndiponso ndinawalanda beseni m'manja. Kupita ndidzapita, pakuti ndi amayi ake ndipo nawonso anaika mwana m'manda. Nkhuku ndidzanyamula, ndi shuga yemwe. Ndidzakhala pansi patali monga mwa ulemu, ndidzawauza kudzera mwa azakhali kuti nsomba zitatu zili moyo ndipo imodzi yakula kuposa chikhatho changa. Akadzafunsa ngati ndabwera kudzapepesa, ndidzati ndabwera kudzawaona.