Ulusi wa Atelala

Atelala apakona akalamba tsopano, koma sasiya kaulusi pansi. Akadula amatola, n'kuika m'thumba la malaya.

Kale mphaka wawo akasanza atangodya, iwo ankangoseka. “Wadya ngati akumuthamangitsa. Kusanza kamodzi si matenda.” Koma tsiku lina anasanza kuyambira m'mawa, ngakhale madzi osamwa, kenako n'kukabisala pansi pa makina. Atelala, amene chipatala amachiopa ngati moto, anatseka shopu n'kumunyamula m'dengu mpaka kwa dokotala wa ziweto. M'mimba munapezeka ulusi wofiira.

“Mwachita bwino kufulumira, bambo,” anatero dokotalayo.

“Ndikanatani? Anandisiyira ndi malemu akazi anga.”

Mphakayo anafa kalekale ndi ukalamba. Ulusi akutolabe.