Chinkuza ndi Kasingano ka pa Wailesi

Tsiku limene Chinkuza anabwerera ku depoti ya mabasi atatuluka m'chipatala, anaima pakhomo la basi monga ankachitira kale. Anakoka mpweya wodzaza chifuwa, n'kutsegula pakamwa kuti aitanire okwera. Chimene chinatuluka chinali kamphepo chabe, konga ka tayala limene likuphwa.

Mnzake wina anafuula kuti, "Anthuni, Chinkuza chapsa!" Depoti yonse inafa ndi phwete. Iye anayesa kuseka nawo, koma ngakhale kusekako sikunamveke.

Inu amene mukuwerenga, mudziwe kaye kuti ameneyu anali munthu wotani. Dzinalo anamupatsa chifukwa mawu ake ankaposa chinkuzamawu cha pamsonkhano. Akaitanira basi, ngakhale munthu amene analibe ulendo ankayamba kuganiza za kwawo. Sukulu anaisiyira panjira, luso lamanja analibe, chuma chake chonse chinali pakhosi. Ndiye pakhosi pomwepo panamera chotupa. Madokotala anachichotsa ndipo moyo anaupulumutsa, koma mawu anapita nacho. Anatsala ndi manong'onong'o oti kuwamva mpaka munthu ayandikitse khutu.

Ntchito inathera pomwepo, banja linayamba kudalira mkazi wake amene ankachapa ndi kusita zovala za anthu. Umphawi unamuwawa, koma chinamuwawa koposa n'chakuti anthu anasiya kumuyankha. Akalankhula ankamufunsa kuti, "Mwati chiyani?" Akabwereza, ankangogwedeza mutu n'kumwetulira, monga timachitira ndi mwana amene sanayambe kuyankhula bwino. Chimene ankachilakalaka sichinali chachikulu ayi. Ankangofuna kuti akaitana, wina amve n'kuyankha.

Amene anamudzutsa anali mayi wina wamfupi, namwino wopuma pantchito, amene ankathandiza odwala zapakhosi pa masiku a kuchipatala. Anthu onse ankangomutchula kuti Anesi, ndipo lilime lawo linali lakuthwa kuposa jakisoni.

"Achimwene, mwafa kapena mukudikira chiyani?" anatero Anesi atamuona atazyolika pabenchi. "Loweruka mubwere. Tili ndi waya wofuna munthu wamtali."

Kumene anamuitanirako kunali m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya zitsulo. Mmenemo munkakumana kalabu ya anthu okonda wailesi, osati yongomvera nyimboyi, koma yotumizira uthenga. Anthu otere amatenga chiphaso ku boma, n'kumalankhulana ndi anzawo a m'maiko akutali kudzera pa waya umene amaumanga okha padenga. Sapezapo phindu, n'chikondi chabe.

Chinkuza anakwera padenga, anamanga wayawo, n'kutsika thukuta lili kamukamu. Atalowa anapeza Anesi ali patebulo, pakamwa pali potseka, zala zikuyenda pa kompyuta. Kompyutayo inali yolumikizidwa ku wailesi kudzera m'kabokosi ka mawaya. Pagalasi la kompyutayo pankatsika timizere tambirimbiri toonda, ndipo pansi pake pankatuluka zilembo chimodzichimodzi.

"Iyi ndi njira ya dijito," anamuuza Anesi. "Ine ndimalemba, kompyuta imasandutsa zilembozo kukhala kalikhweru, wailesi n'kukaponya m'mlengalenga. Kwinako kompyuta ina imakasandutsanso zilembo. Kamzere kalikonse mukuonako ndi munthu. Pakhosi apa sipafunika."

Chinkuza anagwira m'mphepete mwa tebulo. Anawerama n'kunong'oneza Anesi kuti, "Ndiphunzitseni."

Musaganize kuti zinayenda ngati madzi. Chiphaso chimafuna mayeso, ndipo munthu amene anasiyana ndi buku kalekale anakumana ndi nkhani za magetsi, mafunde ndi malamulo. Ulendo woyamba analakwa mochititsa manyazi. Sanagonje. Mkazi wake ankaika buku pambali pa simbi, n'kumawerenga mafunso mokweza kwinaku akusita, iye n'kumamunong'oneza mayankho kukhutu. Malaya a kasitomala wina anapsa kolala chifukwa cha funso la mawaya. Ulendo wachiwiri anakhoza, anapatsidwa dzina lake la pa wailesi, la zilembo ndi manambala, ndipo popita kunyumba anayenda ngati msewu wagula ndi iye.

Apa ndi pamene mavuto enieni anayambira. Loweruka lililonse ankakhala patebulo la kalabu, n'kulemba mawu oitanira aliyense amene akumva. Masabata anadutsa, palibe anayankha.

Chifukwa chake ndi ichi. Pa kabokosi ka mawaya panali batani lopotokola, lokweza kalikhweru kolowa m'wailesi, ndipo pa wailesipo panali kasingano kosonyeza kukula kwake. Anesi ankaika batanilo pansi n'kunena kuti, "Kasingano aka kazingogwedera pang'ono, basi." Koma madzi saiwala khwawa. Anesi akangotembenuka kukatereka tiyi, dzanja la Chinkuza linkapita pabatani n'kulipotokola mpaka kumapeto. Ku depoti anaphunzira lamulo limodzi, lakuti wokuwa kwambiri ndiye amadzaza basi. Akaona kasingano katagunda kumathero, mtima wake unkayera, ankamva ngati wapezanso pakhosi pake pakale.

Madandaulo anayamba kufika kwa mkulu wa kalabu, bambo wofatsa amene ankamutchula kuti a Tcheya. Anthu a makalabu ena ankati pali wina amene akayatsa wailesi, onse oyandikana naye amasiya kumvana.

A Tcheya anamuitanira pambali. "Achimwene, sitikudana nanu, ndipo khama lanu taliona. Koma mlengalengamu ndi mwa tonse. Loweruka likubwerali mukasokonezanso anzathu, patebulo apa simudzakhalanso."

Chinkuza anawayang'ana maso ali psuu. "Ndiye mukufuna ndikhale chete kawiri?" ananong'ona.

Anesi sanamunyengerere. Mawa lake anamutengera kunyumba kwawo, kutsidya lina la tauni, kumene anali ndi wailesi yawoyawo. Anaimbira foni a Tcheya amene anali ku kalabu. "Potokolani batani lifike pamene amalifikitsa achimwenewa, ndipo mutumize."

Pagalasi timizere toonda tinkatsika mwadongosolo, kalikonse m'njira yake. Mwadzidzidzi panatulukira chimzere chachikulu chophwanyikaphwanyika, ngati wina wadutsitsapo tsache lonyowa. Chinakwirira timizere ta m'mbali mwake, ndipo zilembo zimene zinatuluka zinali zinyalala zosawerengeka.

"Ameneyo ndinu," anatero Anesi. "Munthu akamatumiza, wailesi yake siimva, ndiye simunadzionepo. Mukakweza chonchi kalikhweru kamasweka kasanatuluke n'komwe. Anthu akhala akukumvani bwino kuti mulipo, koma zimene mukunena palibe amene waziwerengapo."

Kenaka a Tcheya anatsitsa batani. Chimzere chija chinafota n'kukhala kamzere koonda ngati ulusi, ndipo zilembo zinayamba kutuluka zoyera, zonse m'malo mwake. Chinkuza anachita manyazi kwambiri. Anaganiza za anthu osawadziwa amene anawadula pakamwa kwa masabata onsewo, iye amene ankadziwa kuwawa kwake kuposa wina aliyense.

Loweruka masana mkazi wake anazimitsa simbi, anavala bwino, n'kumuperekeza ku kalabu. Kachipindako kanadzaza. Chinkuza anatsitsa batani yekha mpaka kasingano kanangotsala n'kunjenjemera pang'ono, ndipo analemba mawu oitanira. Kwa iye zinali ngati kupempha madzi uli kuseri kwa chitseko chotseka.

Palibe anayankha. Anaitananso, koma kunali zii. Ataitana kachitatu, onse anaona dzanja lake lamanja likukwawa pang'onopang'ono kulowera kubatani. A Tcheya anakhosomola. Anesi anatsegula pakamwa, koma mkazi wa Chinkuza ndiye anafulumira. Anagwira dzanjalo, analiika pamiyendo pake, n'kulipanikiza ndi manja onse awiri.

"Ili ndasunga ine, bambo a ana," anatero. "Lembani ndi linalo."

Anthu anaseka, iye analemba ndi chala chimodzi cha kumanzere. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma sananene kuti kudekhako kumatulutsa thukuta chotani.

Kenaka pagalasi panatulukira kamzere kofooka, koti munthu wosazolowera sakanakaona. Zilembo zinayamba kubwera chimodzichimodzi, ndipo zoyambirira zinali dzina lake la pa wailesi. Dzina la pa wailesi la woyankhayo linasonyeza kuti ali kutsidya kwa nyanja yamchere, m'dziko lozizira limene Chinkuza ankangolimva m'mabuku a mayeso. M'mawu achidule amene anthu a wailesi amamvana nawo kulikonse, munthuyo analemba kuti: Ndikukuwerengani bwinobwino, palibe chilembo chatayika. Ndinu ndani, bwenzi?

Chinkuza anawerenga, anawerenganso, misozi ili mbwembwembwe. Mkazi wake sanadikire kuti amutanthauzire, anaziona pankhope. Anakuwa mokweza mpaka mwini sitolo ya pansi anathamangira pamwamba poganiza kuti wina wagwidwa ndi magetsi.

"Yankhanitu, munthu akudikira!" anatero Anesi, akupukuta maso ndi kuseri kwa dzanja ngati kuti walowa utsi.

Chinkuza anayankha. Anatchula dzina lake lenileni, anafotokoza kuti kwawo kukutentha, ndipo anafunsa za mnzakeyo. Anacheza ndithu, munthu ndi munthu, mpaka kamzere kaja kanazimirira. Ine ndikunena mosabisa kuti ndimanyadira bambo ameneyu, chifukwa kusiya chinthu chimene chinakudyetsa moyo wako wonse si masewera.

A Tcheya anapisa dzanja m'thumba. Anachotsa kiyi wa kachipindako pa mulu wa makiyi awo n'kumuika patebulo pafupi ndi chala cha Chinkuza. Kuchokera pamenepo Chinkuza anaphunzira kuwotcherera mawaya, ndipo lero ali ndi kabenchi kake pamene amapanga timabokosi tolumikizira kompyuta ndi wailesi. Anthu a makalabu amene ankamudandaula ndi amene amatigula, ndipo amatumizirana uthenga kuti ta bambo uyu timatulutsa kamzere koyera. Ana ake ali pasukulu. Aliyense wobwera kumene ku kalabu amakhala pafupi ndi iye, n'kuyandikitsa khutu mwaulemu kuti asaphonye kanthu.

Tsono inu amene mwaluza chinthu chimene munkati ndicho inuyo, kaya ntchito, kaya thanzi, kaya mayeso, tamverani. Mwina mwaitana mpaka kutopa ndipo mukuti dziko lakukanani. Pezani munthu woti akuonetseni mmene mukumvekera kutsidya linalo, ndipo akakuuzani zowawa musanyanyale. Konzani chimene chikufunika kukonza, muitanenso. Mtima wokhawo osautaya, abale anga, chifukwa kwinakwake kuli munthu amene watchera khutu.