Mawu anga m'buku la a Kalinde

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi agogo, amene anandilera makolo anga atamwalira. Ankagulitsa nthochi ku Manyamula, ndipo kumeneko anamva kuti pamalo ena ochekera matabwa ku Luwawa akufuna wosanja. Kapitawo, a Jere, anandiyang'ana manja n'kunena kuti, "Uyu sayankhula? Mbwenu ndi amene tikufuna."

Ndinkaima kumapeto kwa makina. Chipika cha paini chimalowa uko, thabwa limatulukira kuno, ine n'kulilandira, kulipukuta utuchi ndi kulisanja. Pakati pa mzere ndi mzere timaika timitengo kuti mphepo idutse, apo ayi matabwa amachita nkhungu. Pamalo pomwe ndinkaimapo ndinkaona chilichonse. Ndinaona a Jere akumasula chitsulo chotchingira macheka, ati chimachedwetsa ntchito. Patapita milungu itatu ndinaona zala ziwiri za a Nyirenda, wokankha zipika, zili mu utuchi. Kwa mwini makina kunapita lipoti loti a Nyirenda anabwera ataledzera.

Chaka chomwecho kunafika a Kalinde, wolemba mabuku wochokera ku Blantyre. Ankati mabuku akale anatha ntchito, iwo akulemba buku la mtundu watsopano: lopanda mitu, lopanda mpumiro, mawu a antchito okhaokha omwazika patsamba ngati utuchi. Anzanga ankawaseka. Ine ndinawakonda chifukwa ankadziwa kukhala chete n'kudikira. Tsiku lina pa nthawi yopuma ndinawauza za chitsulo chija, lamya yawo ikujambula.

"Dzina langa lisatuluke, adada," ndinatero.

"M'buku langa mulibe dzina la munthu, mlongo. Musaope."

Sananame. Buku litatuluka anabwera nalo, ati libwerere kwa eni ake. Anaitana mwini makina, a Jere ndi ife tonse, tinakhala pazipika dzuwa likuswa mtengo. M'bukumo aliyense ankatchulidwa ndi ntchito yake: Wocheka, Wokankha, Wosanja. Ochekawo analipo anayi, okankha asanu ndi mmodzi. Wosanja ndinali ndekha.

A Kalinde anawerenga mokweza, akugwedeza mkono. Atafika pa mawu anga sanasinthe ngakhale limodzi: "ndinawaona chomene ndi maso angawa sipanala ili m'manja." Kenaka anatukula buku kutionetsa tsamba lopanda kanthu, nati ndilo zala za a Nyirenda. Mnzawo amene anabwera naye anawomba m'manja. Wina aliyense sanawombe. A Jere sankayang'ana buku, ankayang'ana ine.

Mawa lake ndinapeza mtsikana wina ataima pamalo panga. A Jere anati, "Kodi si iwe wa m'buku? Yewo, amama. Pita ukasanje masamba." Mwini makina sanawachotse a Jere. Anangolamula kuti chitsulo chibwezeretsedwe, ndipo ndamva kuti chinakhalapo mwezi umodzi.

Ndinawapeza a Kalinde padepoti ya Mzimba akudikira basi. Ndinawafunsa chifukwa chake sanalembe kuti osanja analipo atatu, kapena kuika mawu anga m'kamwa mwa munthu wina.

"Mawu a wantchito sindiwakhudza," anatero. "Ndikanatero bukulo likanakhala bodza."

Anandipatsa buku limodzi, atalembapo kuti ndine mtima wake wa bukulo. Agogo sadziwa kuwerenga. Analitsegula, napeza tsamba loyera lija, nafunsa ngati makina osindikizira anafa. Sanandikalipire. Anangonditengera dengu lachiwiri la nthochi kuti nanenso ndizigulitsa.

Sindinong'oneza bondo kuti ndinanena zoona. A Nyirenda sankamwa ndi mowa womwe. Koma masiku ano munthu akabwera ndi lamya kuti akufuna mawu a anthu wamba, ndimayamba ndamufunsa kumene adzakhale akugona buku lake likadzatuluka. Akatchula tauni ina, ndimamugulitsa nthochi basi.