Chithunzi Chimene Ndinatumiza ku Joni

Ndinadzuka kusanache, nkhungu itakuta dera lathu lonse la Chibanja. Amayi a kumpingo amene anachezera kuimba pasiwa anali atagona pamphasa, atadzifunditsa zitenje mpaka kumutu. Panja azibambo ankawotha zitsa zotsala. Kuseri kwa nyumba moto unali utakolezedwa kale, koma nkhuni zinali zonyowa ndipo utsi unkalowa m'nyumba.

Foni inalira ndikusukusula. Anali achimwene anga a ku Joni. Mapepala awo sanali bwino, moti akanadutsa malire sakanabwereranso ku ntchito. Anali asanaonane ndi bambo athu, amene tinkawalirawo, kwa zaka zingapo. Anapempha chinthu chimodzi chokha: popeza ine ndimajambula maukwati ndi ophunzira a ku yunivesite akamalandira madigiri, ndiwajambulire nkhope ya bambo bokosi lisanatsekedwe. Ndinawauza amayi. Anagwedeza mutu kuvomera, koma anati fulashi ya kamera ayi.

Anthu anayamba kufika dzuwa lisanatuluke, ena wapansi, ena pa kabaza. Anansi athu ankagwada pakhomo n'kunena kuti pepani chomene. Abale a ku Mulanje, amene anafika dzulo lake, anaunjikana pafupi ndi moto, akudandaula za kuzizira. Ena mwa iwo anali asanakhutire kuti bambo aikidwe kuno, koma bambo ananeneratu okha kuti adzagona kumene analerera ana awo.

Mwambo woona nkhope unachitikira pabalaza. Magetsi anali atathima, makatani otseka, ndipo anthu oima pakhomo anatchinga kuwala pang'ono kumene kunalipo. Ndinaikankha kamera kuti ione mumdima mpaka pomwe imalekezera, ndikudziwa kuti chithunzi chidzatuluka chakuda ndi madontho. Ndinajambula kamodzi. Mayi wina wachikulire anandiyang'ana moipidwa, ndipo sindinabwerezenso.

Tikunyamuka, mvula yowaza inayamba. Bokosi linakwezedwa pa lole, amayi a yunifolomu atalizungulira. Tinadutsa pakati pa nyumba zatsopano zosamalizidwa, m'malo amene bambo ankati anawapeza ali tchire. Amisiri ena anaimitsa ntchito n'kuvula zipewa. Kumanda matope ofiira ankakakamira ku nsapato. Abusa anafupikitsa ulaliki chifukwa cha mvulayo. Adzukulu anakwirira msanga, tinaika nkhata, ine ndinaika ziwiri, yanga ndi ya achimwene.

Pofika madzulo anthu anali atabalalika. Mipando ya kutchalitchi inali itasanjidwa pakhonde kudikira galimoto. Magetsi atayaka, ndinatsegula laputopu patebulo la kuchipinda.

Chithunzicho chinali monga ndinkayembekezera. Nkhope yonse inali ndi timadontho tofiira ndi tobiriwira, ngati wina waiwaza mchenga. Ife ojambula timati noizi. Mu pulogalamu yokonzera zithunzi muli kamzere kamene umakoka kuti tichoke. Ndinayamba ndi ta mitunduto, tinachoka mosavuta. Kenako ndinakoka kamzere kochotsa mchenga wotsalawo. Pa ukwati ndimalekera pakati, chifukwa ukapitirira pulogalamuyo siisiyanitsa dontho ndi khungu la munthu. Tsiku limeneli sindinalekere pakati. Ndinkafuna kuti achimwene asaone mmene matenda anawathera bambo. Ndinakoka mpaka masaya anasalala, ndipo ndinatumiza.

Panapita mphindi zingapo. Kenako uthenga unabwera.

"Wawameta ndevu ndani?"

Ndinabwerera pa chithunzi. Tindevu tawo toyera tatifupi, timene ankakana kumeta ngakhale amayi awanene bwanji, tinali titapita limodzi ndi madontho aja. Chipsera cha pachikope chawo nachonso panalibe. Munthu amene anali pa chithunzipo anali wamng'ono kuposa bambo, ndipo sindinkamudziwa.

Ndinayankha kuti palibe anawameta, ndalakwitsa ndine. Ndinatenga choyamba chija, chosakonza, n'kutumiza momwemo.

Nthawi ino anachedwa kwambiri. Ndinkaona kuti ayamba kulemba, aleka, ayambanso.

"Awa ndiwo," analemba pomaliza.

Ndinatseka laputopu. Pabalaza amayi anali atagona pansi pakati pa achemwali awo awiri, nyali ikuyaka. Wina kukhitchini ankatsuka makapu pang'onopang'ono kuti asadzutse anthu.