Chofunda cha Fulorensi

Agogo anga ndimayamba kuwakumbukira ndi mphuno. Pakhonde pathu ku Nkope pankamveka fungo la mafuta a makina osokera, losakanikirana ndi utsi wa nsomba zimene anthu ankawamba kumunsi kwa mudzi, ndiponso fodya wa m'mphuno amene agogo ankasunga m'kabotolo m'chiuno. Kukacha, ine ndisanabwere n'komwe kotsuka mbale kunyanja, makina ankakhala atayamba kale kulira, mapazi awo ong'ambika zidendene akupalasa, lamba akuzungulira, singano ikugogoda mosapuma, moti nkhuku zinazolowera n'kumagona pansi pa makina pomwepo.

Sanali agogo onyengerera mwana. Kusoka anaphunzira ku mishoni ali mtsikana, ndipo makinawo anawagulira ndi amalume, mwana wawo wamwamuna, atabwera kuchokera ku Joni. Ine ndinakulira m'manja mwawo chifukwa amayi anamwalira ndili wamng'ono. Madzi ndinkatunga ndine, nkhuni ndine, kulowetsa ulusi pasingano maso awo akatopa ndine. Malipiro anga anali akuti, "Esinati, manja akowo ndi a chiyani, okanda nawo mphere basi?"

Ndiye panali Fulorensi, msuweni wanga, mwana wa amalume aja. Tinabadwa chaka chimodzi. Iye ankakhala ku boma, cha kwa Mponda, ndipo kwathu ankabwera patchuthi atavala nsapato ndi masokosi oyera, pamchenga wa ku Nkope! Akangoti "odi agogo" ndi kamawu kake kosalala, nkhuku imodzi inkadziwa kuti tsiku lake lakwana. Wothamangitsa nkhukuyo ndinali ine, wososola nthenga ine, koma ntchafu inkapita m'mbale ya Fulorensi. Ndikatupa masaya agogo ankati, "Mlendo ndi mame." Mame ake ankatha mwezi wathunthu asanakamuke.

Mayeso a sitandade eyiti tinalemba chaka chimodzi. Mayina atatuluka, Fulorensi anasankhidwira kusekondale yogonera komweko kumapiri a ku Dedza. Langa panalibe. Agogo analuluta mpaka anatsokomola, kenako ananena kuti, "Kumeneko kumazizira. Mwana wa kunyanja akafa ndi chisanu." Tsiku lomwelo anakoka thumba la zigamba pansi pa bedi.

Zigambazo anasonkhanitsa zaka zambiri, zotsala pa madiresi ndi mabulauzi a mudzi wonse. Anazidula timabokosi n'kuzilumikiza mpaka zinakhala chinsalu chachikulu chokuta bedi n'kukhudza pansi mbali zonse. Munali diresi langa la ubatizo. Munalinso chitenje chobiriwira cha amayi anga, chimene ndinkaganiza kuti akusungira ine, ndipo anachiika kumutu kwa chofundacho.

"Agogo, chimenecho ndi cha amayi anga."

"Analinso azakhali ake. Tenga matumba a fulawa aja ukachape, ayere bwino."

Ndinachapa, misozi ikugwera m'beseni. Matumbawo anawasoka pamodzi kukhala nsalu ya pansi, pakati anaika bulangete lakale, pamwamba zigamba zija, ndipo zonse zitatu anazigwiriziza ndi ulusi wautali wa pamanja kuti zisasunthe.

Apa m'pamene panali luso limene atelala a ku boma sankalidziwa. Agogo anamasula kaphazi kamene kamapanikiza nsalu, ndipo mano amene amakoka nsalu anawaphimba ndi kakatoni koboola pakati. Makina anatsala ongobaya basi, osakoka. Nsalu ankaiyendetsa okha, zikhato zonse ziwiri zitatambasuka mbali ndi mbali ya singano, kupita kutsogolo, kubwerera, kuzungulira, mapazi akupalasa mofanana osafulumira osachedwa, ndipo pansalupo pankatuluka mamba a chambo, maso a ukonde, ndi mizere yopindikapindika ngati ya pamchenga madzi akabwerera. Asanayambe chigawo chatsopano ankalowetsa dzanja pansi kusalaza makwinya. "Makina ndawachotsa mano," ankatero, "tsopano mano ndi manja angawa."

Koma chofunda chinali cholemera. Chikalendewera chinkakoka singano n'kuithyola. Choncho ankachikulunga ngati mkeka, ine n'kuchisenza paphewa nditaima pambali pawo, kusendera akasendera, kubwerera akabwerera. Kutentha kwa kwathu mukukudziwa. Bulangete paphewa masana, thukuta likutsika mpaka m'zigongono, kuti mwana wa amalume akagone mofunda kusukulu imene ine ndinailephera. Nsanje inandidya, sindibisa. Ndinkayang'ana maluwa amene agogo ankajambula ndi singano pa chitenje cha amayi anga n'kumalakalaka singanoyo itawabaya chala.

Tsopano ndinene za kachitini. Masiku amenewo amayi onse ankavala nsalu ya chipani yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri, ndipo ambiri ankabweretsa kwa agogo kuti awasokere. Telala aliyense ankadziwa kuti sizasi imazungulira nkhopeyo, siidutsa pakati. Tsiku lina agogo ananunkha fodya wambiri, n'kuyetsemula sizasi ili m'manja. Nkhope inagawika pawiri. Mwini nsaluyo agogo anamupatsa yawo mwakachetechete, yowonongekayo n'kuidula mosamala, koma kachidutswa ka theka la nkhope kanawasowetsa mtendere. Kutaya kudzala, wina atola. Kutentha, ankaopa. Anakapinda n'kukabisa m'kachitini ka mabatani. Ndinalipo ndekha. "Waona?" anandifunsa. Ndinati eya. "Sunaone," anatero.

Chofunda chitatsala chigawo cha kumapazi chokha, kunabwera lole kudzatenga amayi kukayeserera magule ku boma. Agogo sankasiyidwa chifukwa anali ndi mawu oyambitsa nyimbo. Ndinatsala ndekha ndi chofundacho chitayalidwa pabedi, dzuwa likulowa pazenera n'kuwalitsa mitundu yake yonse. Chinali chokongola, ndipo kukongolako n'kumene kunandipsetsa mtima.

Ndinatsegula kachitini. Ndinadula ulusi wogwiriziza m'mphepete, n'kulowetsa mkono mpaka m'chigongono pakati pa bulangete ndi matumba a fulawa, kachidutswa kaja nkhope itayang'ana pansi. Ndinali nditachapa matumbawo ndekha, ndiye ndinkadziwa kuti akanyowa amaonetsa zam'kati. Fulorensi akadzachapa n'kuyanika pachingwe cha sukulu, atsikana onse adzaona theka la nkhope ija, kumapazi. Adzamubweza. Adzabwera ndi sutukesi yake pamutu, tidzabwereze sitandade eyiti tonse. Maganizo anga anathera pomwepo, ndipo ndinatseka m'mphepete muja ndi ulusi womwewo mtima uli mbee.

M'mawa mwake, agogo atabwerako, tinayambiranso ntchito. Mwatsoka kunabwera Abiti Juma, wapampando wa amayi a chipani m'dera lathu, ndi bulauzi yoti aipanikize m'chiuno. Anakhala pamkeka kutsogolo kwathu n'kuyamba kuyamikira.

"Iii, anganga, manja anu! Chimenechi ngakhale bwana wamkulu akhoza kufunda."

"N'cha mdzukulu wanga wa sukulu," anatero agogo, mawu ali m'mwamba. Ine ndinali pomwepo, bulangete paphewa, ngati mtengo wa khonde.

Anamaliza mzere umodzi wa mamba, n'kulowetsa dzanja pansi monga mwa nthawi zonse. Dzanjalo linaima. Linabwerera, linapapasa, linaimanso. Kachidutswa kaja kanali katapindika m'mphepete pamene ndinkakakankha, kamzere kakang'ono koti ine sindikanakamva ngakhale mutandilipira. Agogo anatenga lezala, anadula ulusi wogwiriziza, n'kulowetsa mkono. Atautulutsa anali atafumbata. Anatsegula zala pang'ono, kungosuzumira, n'kufumbatanso.

"N'chiyani, anganga?" anafunsa Abiti Juma akusolola khosi.

"Kachigamba kanasochera. Ukalambatu uwu." Anakasomeka m'chiuno pamodzi ndi kabotolo ka fodya, n'kubwezera mapazi pamakina.

Ine sanandiyang'ane. Koma mapazi awo anasiya kumvana ndi manja. Gudumu linabwerera m'mbuyo, ulusi unaduka. Analowetsa okha, osandipempha. Unadukanso. Chibadwire changa ndinali ndisanaonepo agogo akudula ulusi kawiri pamzere umodzi. Abiti Juma anakhalabe, akusimba za lole imene inafa panjira ndi za mpongozi wawo waulesi, mpaka bulauzi yawo inatha n'kutsanzika.

Agogo anadikira kuti Abiti Juma afike kuseri kwa mtengo wa mango.

"Tula pansi chimenecho. Khala apa."

Ndinakhala. Ndinkayembekezera chikoti, ndipo chikanandikomera.

"Unkafuna chichitike n'chiyani?"

"Kuti amubweze."

"Amubweze." Anagwedeza mutu. "Ukuganiza kuti amangobweza? Akanamufunsa kuti wasoka ndani. Mwana uja sadziwa kunama. Akanabwera pakhonde pano. Amalume ako ntchito ikanatha tsiku lomwelo, kaya iwowo akanakagona kuti. Ine ndi msana wangawu akananditengera kumene anthu sabwerako ndi nkhani. Iwe ukanatsala ndi ndani?"

Zimenezo ndinali ndisanaziganize, ndikulumbira. Koma m'malo mopepesa, zimene zinali kukhosi zinatuluka. Ndinati madzi ndimatunga ndine. Ndinati chitenje chija n'cha amayi anga. Ndinati chibadwire simunandisokerepo kanthu kopanda chigamba cha munthu wina, ndipo Fulorensi mumamukonda chifukwa bambo ake anakugulirani makina.

Anandisiya ndilire mpaka ndinatopa. Kenako ananena motsitsa mawu, zimene sankachita kawirikawiri.

"Fulorensi ndimamupatsa zinthu, inde. Koma za m'kachitini sindinamuuze. Amalume akonso sadziwa. Padziko lonse amene ankadziwa ndiwe wekha." Ananunkha fodya. "Nyamula, timalize. Mwana akupita Lolemba."

Tinamaliza. Ndinasenza mpaka mzere womaliza, ndipo Lolemba ndinanyamulanso ndekha chofundacho kukachikweza basi. Fulorensi anandikumbatira n'kunena kuti adzandilembera kalata. Analembadi, makalata aatali onena za chisanu ndi mmene anzake ankasiririra chofunda chake.

Agogo sanauze munthu. Sanandimenye, sanandimane chakudya, sanaitchulenso nkhaniyo mpaka tsiku la imfa yawo. Nditadwala malungo anandibereka kumsana, msinkhu wanga wonsewo, mpaka kuchipatala cha mishoni. Nditalepheranso mayeso sanandiseke. Pa ukwati wanga anavina kuposa atsikana. Chimene chinasintha n'chimodzi. Akamaliza kusoka ankaika kachitini kaja pansi pa chivundikiro cha makina n'kukhoma, ndipo kiyi amene kale ankangolendewera pamsomali anamumangirira pachingwe m'khosi mwawo. Akapita kumaliro ankapita naye. Akapita kosamba ankapita naye. Nthawi imeneyo m'nyumbamo tinkakhala awiri basi, ndiye sindinkafunika kufunsa kuti akukhomera ndani. Chipani chija chitachoka, anthu atayamba kuyankhula momasuka m'misika, ndinkati mwina tsopano amuvula. Sanamuvule. Pamene amayi a mpingo ankasambitsa thupi lawo, anandiitana n'kundipatsa kiyiyo m'manja kuti ndisunge, osadziwa chimene akundipatsa.

Fulorensi lero ndi namwino wopuma pantchito, munthu wabwino mtima, ndipo zimenezo zimandiwawanso. Ana anga awiri anawathandiza sukulu. Tikakumana amakonda kunena kuti, "Iwe Esinati unali ndi mwayi, unakhala ndi agogo masiku onse. Ine ndinkangowaona patchuthi." Ndimangoti eya. Sindinamuuze, ndipo tsopano tonse tili ndi imvi, sindikudziwa ngati ndidzamuuza.

Sukulu yake ndinasiya kale kuichitira nsanje, nsapato zakenso chimodzimodzi. Ngakhale chitenje cha amayi anga ndinamukhululukira. Nsanje imene yakana kutha ndi iyi: agogo anamwalira asanamukhomerepo kanthu Fulorensi.