Mkulu wa khutu loduka m'bwato la Geresomo

Geresomo anawoloka Shire kuthawa nkhondo ya ku Mozambique ali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo sanabwererenso. Anakulira kwa Nyachikadza, anakwatira Leah, mwana wa msodzi, n'kuyamba ntchito yowolotsa anthu pa bwato. Padoko ankamutcha Zikanakhala, chifukwa akangogwira nkhafi pakamwa sipankatsekeka.

"Nkhondo ija ikanapanda kufika kwathu, bwenzi ndili mphunzitsi ku Beira," ankatero. Lero ankasintha opambana chisankho, mawa n'kulonga ufumu munthu amene anakanidwa kalekale, n'kumafotokoza mmene dera lonse likanakhalira. Okwera ankaseka, ena n'kumatsutsana naye mpaka kutsidya.

Chaka chatha, madzi atasefukira, kunabwera mkulu wina wotsimphina, atasenza dengu la nsomba zouma. Anakwera yekha. Atafika pakati, pomwe madzi amathamanga kwambiri, mkuluyo anayamba kudandaula m'Chisena.

"Tikanapambana ife nkhondo ija, sindikanakalamba ndikununkha nsomba chonchi. Ndinkalamula asilikali makumi atatu ine."

Geresomo anamuyang'anitsitsa. Khutu lakumanzere linali loduka theka. Khutu limeneli analiona kale, m'mawa umene bambo ake anamangidwa manja ndi chingwe cha mbuzi n'kutengedwa, iye atabisala m'mapira.

Anasiya kupalasa. Bwato linayamba kutembenuka lokha.

"Munafikako kwa Nyamizinga, bambo?" anafunsa Geresomo, kutchula mudzi wakwawo.

Mkulu uja anagwira m'mbali mwa bwato ndi manja onse awiri. "Palasani, mwanawe. Ine kusambira sinditha."

"Ndafunsa ngati munafikako."

"Midzi inali yambiri."

"Amuna amene munawatenga kumeneko anapita kuti?"

Madzi anayamba kulowa pang'onopang'ono chakumbuyo. Geresomo ankadziwa kuti kungopendekera kamodzi, nkhani yatha, ndipo palibe angamufunse kanthu. Chaka chimenecho mabwato anagubuduka angapo.

"Tinawasenzetsa katundu mpaka kuphiri," anatero mkuluyo, mawu akutuluka mokakamiza. "Ena anafera m'njira. Atatu anathawa pa mtsinje wina. Mayina sindinkafunsa."

"Panali wina wamtali, wa mpata m'mano?"

"Sindikukumbuka. Ndikulumbira pali Mulungu, sindikukumbuka."

Bwato linkatsetsereka kulowera kumabango. Kenako Geresomo anaviika nkhafi m'madzi n'kuyamba kupalasa mwamphamvu. Atafika kumtunda, mkulu uja anatsika mophonyetsa phazi, n'kulowa m'chimanga osacheuka.

Tsiku limenelo Geresomo sanawolotsenso munthu. Anamangirira bwato dzuwa lili pamutu n'kupita kunyumba, komwe anapeza Leah akusoka ukonde pakhonde. Anamufotokozera zonse ataimirira.

Leah anaika singano pansi. "Ndiye akuti atatu anathawa?"

"Atatu."

"Alongo anu aja a ku Bangula muwauza za bambo anu?"

Geresomo anakhala pansi, n'kuyamba kuchotsa matope kumapazi ndi kamtengo. "Ndipita Loweruka," anayankha.