Anandipeza ndi ma 6 atatu

Anzanga, ine ndinakumana ndi Cedric pa Nsipe, tsiku limene thumba langa la kachewere linang'ambikira pamsewu. Anthu ankangoseka, iye yekha anatsika panjinga n'kuyamba kutola.

"Asisi, mbatata yabwino chonchi mukuitayiranji?"

Ine kupusa, ndinaseka. Chaka chisanathe tinali tikukamba za ukwati.

Zinavuta tsiku lokalembetsa ukwatiwo kutchalitchi kwawo. Mayi ake anatiperekeza. Mlembi anandifunsa tsiku langa lobadwa.

"6 June," ndinayankha.

Mayi aja anayamba kuwerenga zala. "June ndi mwezi wa 6... Nanga kwanu ndinu wachingati kubadwa?"

"Wa nambala 6, amayi."

"Yesu wanga! 666! Nambala ya chilombo yalowa m'banja mwanga!"

Anathawira panja, nsapato imodzi n'kutsala mu ofesi. Mlembi naye anaponya fomu patebulo ngati yamuwotcha.

Ndinkadikira kuti Cedric aseke. Sanaseke.

Titatuluka ndinamufunsa, "Iwe, nawenso ukukhulupirira zimenezi?"

"Iwe Tisunge, babe, usakwiye. Ine ndinazindikira kalekale, pa birthday yako, achemwali ako atanena kuti ndiwe wa 6."

"Ndiye?"

"Ndinapita kwa a prophet ena ku Tsangano. Anandipatsa madzi amene anasambitsira mapazi awo kuti ndizikuthirira mu juice. Akuti ukanakhala wa satanic ukanagwa n'kuyamba kukuwa. Miyezi inayi yonse sunagwe, babe. Test unakhoza!"

Ankamwetulira, anzanga! Ngati akundiuza nkhani yabwino!

Lamlungu lililonse mnyamata ameneyu ankandibweretsera juice wotsegula kale. Ine ndikamamwa, iye maso tong'o pa ine. Ndinkati ndi chikondi, kani munthu akudikira chiwanda chituluke.

Ndinasanza pomwepo, masanzi ena n'kumugwera pathalauza.

"Amayi ndiwanyengerera," anatero akudzipukuta ndi tsamba. "Iwe ungosala kudya masiku 7, akupempherere, basi..."

Ndinavula mphete yachinkhoswe n'kumuikira m'thumba la shati. Ndinayenda wapansi mpaka kwathu, ndikulavula njira yonse.

Tsiku lobadwa sindinasankhe ine, ndipo mayi anga sanabereke chilombo. Koma mayi ake a Cedric sindiwadandaula kwenikweni, iwo ananena zawo poyera, ine ndikumva.

Amene amandinyansa mpaka lero ndi munthu amene ankanditchula babe, kwinaku akundimwetsa litsiro la kumapazi kwa mwamuna mnzake kuti aone ngati ndine munthu.